Kukonzekera ulendo wa pa galimoto m'misewu yafumbi ya ku Mulanje ndi ku Thyolo

Munthu amene amangodutsa pa msewu wa tala wochokera ku Limbe, kudzera ku Bvumbwe, pa boma la Thyolo ndi ku Luchenza mpaka kukafika kuchipata cha Muloza, angaganize kuti maboma awiriwa ndi osavuta kuyendamo. Zinthu zimasintha akangokhota kusiya tala, kaya akulowera m'minda ya tiyi ya ku Lujeri, kaya akuzungulira phiri la Mulanje chakum'mawa, kaya akutsata timisewu totsikira m'midzi ya ku Masambanjati ndi ku Thekerani. Kumeneko amakumana ndi dothi la katondo loterera, zitunda zazitali, milatho yamatabwa ndi mitsinje yodzaza mosachenjeza. Ndayenda m'misewu imeneyi nthawi ya fumbi ndi nthawi ya dzinja, ndipo galimoto zambiri zimene ndazipeza zitagona panjira sizinagone chifukwa cha kuipa kwa msewu kokha, koma chifukwa chakuti eni ake ananyamuka kunyumba asanafunse za njirayo ndiponso opanda khasu ngakhale limodzi.

Yambani ndi nyengo, kenako njira

Musanakhudze galimoto, khalani pansi n'kuganizira mwezi umene mukufuna kuyenda. Mvula ya dzinja imayamba cha mu Novembala n'kufika mu Epulo, ndipo miyezi yovuta kwambiri ndi Januwale, Febuluwale ndi Malichi, pamene nthaka yakhuta kale madzi moti mvula iliyonse yobwera imangothamangira m'mitsinje. Mbali ya kumwera ndi kum'mawa kwa phiri la Mulanje imalandira mvula yoposa mamilimita 2,000 pachaka, n'chifukwa chake tiyi amachita bwino kumeneko, komanso n'chifukwa chake misewu yake imakokoloka chaka ndi chaka. Alendo ambiri amapusitsika ndi miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, poganiza kuti mvula inatha. Kuno kuli chiperoni, mvula yowaza yobwera ndi nkhungu ndi mphepo yozizira yochokera ku Mozambique, imene imatha kukhala masiku awiri kapena atatu osakata. Chiperoni sichidzaza mitsinje ngati mvula ya dzinja, koma chimanyowetsa katondo pamwamba pokha n'kumusandutsa ngati sopo, ndipo nkhungu yake imabisa ngakhale munthu amene ali chapafupi. Kwa amene akuyamba kumene maulendo otere, miyezi ya Seputembala ndi Okutobala ndi imene ingamuphunzitse popanda kumuika pachiswe.

Mvetserani uthenga wa nthambi yoona zanyengo pa wailesi kwa masiku angapo ulendo usanafike. Akalengeza za namondwe, ulendowo uimitseni, ngakhale mutakhala kuti munalipira kale malo ogona. Anthu a kuno sanaiwale napolo wa mu Malichi 1991 amene anasesa ku Phalombe, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa miyala ndi matope kuchokera m'mapiri, anakokolola milatho, n'kusiya madera ngati Nkhulambe ndi Muloza osafikika pa galimoto. Mitsinje ina inasintha njira nthawi imeneyo, choncho msewu umene munaudziwa zaka zapitazo mwina sulinso momwe munausiyira.

Pachifukwa chimenechi mapu a pa foni musawadalire okha. Akoperenitu mukadali pamalo pamene intaneti ikugwira, chifukwa m'zigwa zambiri netiweki imasowa, koma dziwani kuti mapuwo amasonyeza mzere wa msewu, sasonyeza kuti kalavati inagumuka sabata yatha. Amene amadziwa zoona ndi anyamata a njinga zamoto za kabaza, madalaivala a mathirakitala onyamula tiyi, ndi oyendetsa ambulansi za zipatala zing'onozing'ono. Mukafika pa Chitakale, pa Limbuli kapena pa Makwasa, imani, perekani moni, ndipo funso lanu likhale lolunjika: “Achimwene, kodi lero kwadutsa galimoto yochokera kumeneko? Inali yotani?” Musafunse ngati msewu uli bwino, chifukwa wa njinga adzakuyankhani kuti uli bwino pomwe iye amadutsa m'kanjira kam'mbali kamene galimoto singalowe.

Kumbukiraninso kuti misewu yambiri ya m'maesiteti ili ndi eni ake. Esiteti ngati Satemwa ku Thyolo, imene inayamba mu 1923, imalandira alendo, komabe ngakhale kumalo otero mumayamba mwalankhula ndi mlonda pachipata n'kutsata njira imene wakulozerani. Kuphiri la Mulanje nako galimoto sifika pamwamba. Mumaisiya m'munsi, monga pa Likhubula, pafupifupi makilomita 10 kuchokera pa Chitakale, n'kupitiriza wapansi ndi wokulondolerani njira, kaya mukupita pa Dziwe la Nkhalamba kaya mukufuna Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002. Mukamaliza kusankha njira, uzani munthu mmodzi wodalirika kumene mukupita, kumene mudzere ndi nthawi imene muyenera kukhala mutabwerako, kuti akaona zii adziwe koyambira kukufunani. Ngati n'kotheka, yendani galimoto ziwiri.

Idziweni galimoto yanu

Sikuti galimoto iliyonse yooneka yaikulu ndi ya 4x4, yokoka ndi matayala onse anayi. Pali mapikiapu ambiri amene amakoka ndi matayala akumbuyo okha, ndipo akakhala opanda katundu amaterera msanga kuposa galimoto yaing'ono. Ngati yanu ili ndi 4H (matayala onse anayi akukoka pa liwiro wamba) ndi 4L (onse anayi akukoka mwamphamvu pa liwiro lochepa), yesani magiya amenewa pabwalo la dothi masiku angapo ulendo usanachitike, chifukwa amene akhala chaka osagwiritsidwa ntchito nthawi zina amakana kulowa. Pa Land Cruiser zambiri ndi Hilux zakale pali mahabu kumatayala akutsogolo amene mumatsika n'kuwapotoza ndi dzanja kuchoka pa Free kupita pa Lock. Mukaiwala zimenezi, giya ya 4x4 ilowa ndithu m'kati, koma matayala akutsogolo sakoka. Mukabwerera pa tala youma, galimoto za mtundu umenewu zibwezereni pa 2H, pamene matayala awiri okha ndi amene amakoka, chifukwa kuyenda ndi 4x4 pamsewu wosaterera kumapanikiza magiya ndi kudya matayala.

Gwadaninso muyang'ane kunsi. Malo otsika kwambiri kawirikawiri ndi difu, chibulunga chachitsulo cha pakati pa matayala chimene chimawagawira mphamvu ya injini, ndipo muyenera kudziwa mbali imene ili kuti mwala wa pakati pa msewu muziudutsa moilewa. Galimoto imene mpata wake wapansi sufika masentimita 20 idzavutika m'misewu imene mathirakitala akumba mikwasa yakuya. Tsegulani boneti muone pamene injini imakokera mpweya, ndipo muyerekeze kutalika kwake pathupi lanu, ngati ndi m'chiuno kapena m'ntchafu, chifukwa muyeso umenewu mudzaufuna m'mbali mwa mtsinje.

Kwa makaniko pitani kutatsala sabata, osati dzulo lake, kuti chimene chapezeka chikonzedwe ndi kuyesedwa. Aone mabuleki, oyilo wa injini ndi wa m'madifu, mapaipi a radiyeta, fanibeluti, mashokapu, ndi batire ngati yamangidwa zolimba, popeza kugwedezeka kwa m'mabampu kumamasula mawaya ake. Mawaipa ndi magetsi onse zigwire ntchito. Ngati ndi ya dizilo, asinthe kapena akhetse sefa ya mafuta.

Matayala ndi mpweya wake

Pa zonse zimene mungawonongerepo ndalama, matayala ndiwo ndingaike patsogolo. Tayala lakutha mano silingagwire katondo wonyowa ngakhale injini ikhale yamphamvu bwanji, chifukwa matope amadzaza timipata take n'kulisandutsa losalala. Matayala a mano akuluakulu oyendera ponseponse, olembedwa AT m'mbali, amakwanira maulendo ambiri a kuno, pomwe olembedwa MT ndi a amene amayenda m'matope dzinja lonse. Yang'anani m'mbali mwa tayala lililonse ngati muli ming'alu kapena chotupa, poti miyala yakuthwa ya m'mphepete mwa phiri, monga ya njira ya pa Fort Lister, pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, imang'amba m'mbali osati pamano. Sipeya ikhale yofanana kukula ndi enawo, yopopedwa, ndipo yesani kuitsitsa muli kunyumba, chifukwa tcheni cha sipeya ya kunsi kwa pikiapu chimachita dzimbiri mpaka kukana kutembenuka. Paulendo wa masiku angapo, masipeya awiri si kuwonjeza.

Luso limene madalaivala ambiri saligwiritsa ntchito ndi lochepetsa mpweya. Tayala likafewa pang'ono limakhudza pansi ndi malo aakulu, limagwira bwino, ndiponso limakumbatira mwala m'malo mobooka. Ngati pa tala mumapopa cha m'ma 2.2 mpaka 2.5 bar (muyeso wa mpweya wa m'tayala), pamsewu wa miyala ndi mabampu mungatsitse kufika cha pa 1.8, m'matope cha pa 1.6, ndipo mumchenga wa m'mitsinje youma mpaka 1.3 kapena 1.2. Galimoto yolemedwa ndi katundu musaitsitse kwambiri chotere. Tayala lofewa silifuna liwiro kapena kukhota mwadzidzidzi, chifukwa limatentha ndipo likhoza kuvuka pa limu. Choncho musachepetse mpweya ngati mulibe choyezera ndi chopopera. Kompresa yolumikiza ku batire ndi yabwino, koma pampu ya phazi nayo imagwira ntchito ngakhale imatopetsa. Mukangofika pa tala, imani ndi kupopanso musanathamange. Onjezani kabokosi ka tizingwe tomatira tayala lopanda chubu, chifukwa msomali kapena munga mungathane nawo m'mphindi zochepa osachotsa n'komwe tayalalo.

Zida zodzitulutsira

Khasu la kumunda, lomwe lili pakhomo lililonse, ndi chida choyamba. M'katondo limakumba bwino kuposa fosholo, ngakhale fosholo imathandiza kutaya dothi la kunsi kwa galimoto, choncho tengani zonse ziwiri. Chikwanje chimadula nthambi kapena nsungwi zimene zagwera mumsewu, ndipo m'dzinja nkhwangwa kapena sowo yaing'ono imafunika chifukwa mitengo ya bulugamu imagwa ndi mphepo. Jeke ikhale yokhoza kunyamula galimoto ili ndi katundu, ndipo iyende ndi thabwa lochindikala, lalikulu ngati mbale ya nsima kapena kuposerapo, loika pansi pake, apo ayi jekeyo idzangomira m'matope galimoto osakwera. Sipanala ya mawilo iyeseni pa nati iliyonse, ndipo mukhale ndi kapaipi kotalikitsira chogwirira chake. Matabwa awiri olimba, otalika mita imodzi kapena kuposerapo, amagwira ntchito yoyala kunsi kwa matayala ndi yolimbitsa pamlatho pamene thabwa lathyoka.

Pa chingwe chokokera m'pofunika kusamala kwambiri, chifukwa apa ndi pamene anthu amavulala. Chingwe cha nayiloni cha pamsika chomangira katundu sichingakoke galimoto ya matani awiri imene yamira. Gulani lamba wokokera galimoto amene walembedwa mphamvu yake, yoposa kawiri kulemera kwa galimoto yanu, pamodzi ndi ma shackle awiri, zitsulo zolumikizira zija, olembedwa matani 3.25 kapena 4.75. Fufuzani muli kunyumba malo okolekapo lamba kutsogolo ndi kumbuyo, omangidwa ku chesisi yeniyeniyo. Musakoleke lamba pa bampala, pa chitsulo cha chiwongolero, kapena pa kampira kachitsulo ka tow bar, kokokera ngolo kumbuyo, chifukwa kampirako kakathyoka kamauluka ngati chipolopolo ndipo kapha anthu m'maiko ambiri. Tcheni n'cholimba koma sichitamuka, choncho ngati thirakitala ikukukokani ndi tcheni, iyambe yachikoka pang'onopang'ono mpaka chitawongoka, osati mochita kudzutsa.

Zina zonse zikwana m'bokosi limodzi: masipanala, pulayala, sikuludalaivala, waya wofewa, mphira za chubu chakale, tepi, mafyuzi, fanibeluti yapadera, oyilo lita imodzi kapena awiri, mafuta a mabuleki, mawaya ojampira batire, magolovesi, ndi tochi yovala kumutu kuti manja onse agwire ntchito.

Mafuta, madzi, mapepala ndi za anthu

Dzazani thanki pa malo omwetsera mafuta omaliza a pa tala, monga pa boma la Thyolo, pa Luchenza kapena pa Chitakale, ndipo musawerengere mafuta monga mumachitira mumzinda, chifukwa galimoto yoyenda pa 4L m'matope imamwa kwambiri pa mtunda waufupi. Konzani kuti mubwerere pa tala thanki isanatsike kupitirira gawo limodzi la magawo atatu. Ngati mukufuna mafuta apadera, akhale m'chigubu chopangidwira mafuta, ndipo funsiranitu za chilolezo, popeza nthawi ya kusowa kwa mafuta bungwe la MERA, loyang'anira za mafuta ndi magetsi, limaletsa kugula m'zigubu mwachisawawa. Mafuta ogulitsidwa m'mabotolo m'mbali mwa msewu apeweni pokhapokha zitavutitsitsa, chifukwa ena amakhala ndi madzi kapena parafini, ndipo injini za dizilo zamakono sizipirira zimenezo.

Madzi akumwa akhale malita 4 kapena 5 pa munthu aliyense patsiku, kuwonjezera chigubu china cha radiyeta ndi chosamba m'manja. Chakudya chikhale chokwanira tsiku lina limene simunalikonzere. Aliyense atenge chovala chamvula, juzi ndi nsapato zolimba, ndipo m'galimoto mukhale bulangeti, chifukwa usiku wa mu Juni m'mphepete mwa phiri umazizira zedi. M'bokosi la chithandizo choyamba mukhale mabandeji, mankhwala otsukira bala, opha ululu, thanzi ORS, ndi mankhwala amene wina wa inu amamwa tsiku lililonse. Ngati mukagona, neti yoteteza udzudzu isatsale. Dziwiranitu chipatala chapafupi ndi njira yanu, kaya ndi cha boma ku Mulanje kapena ku Thyolo, cha Mulanje Mission, cha Malamulo ku Makwasa, kapena cha Holy Family ku Phalombe. Wina akalumidwa ndi njoka, musatemere kapena kumanga zolimba. Mkhazikeni mtima pansi, chiwalocho chisagwedezeke, ndipo thamangirani naye kuchipatala.

Laisensi, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu) ndi inshuwaransi zikhale zosatha, matrayango awiri ndi chozimitsira moto zikhale pofikirika. Tengani ma SIM a Airtel ndi TNM onse, chifukwa pamene ina yasowa inzake nthawi zina imagwira, komanso chotchajira foni cha m'galimoto. Ndalama ya pa Airtel Money kapena pa Mpamba sikuthandizani pamene palibe netiweki, choncho sungani ndalama zapamanja za K1,000 ndi K2,000.

Popakira, zolemera ziikeni pansi ndi chapakati, ndipo zonse zimangidwe, chifukwa jeke yongoikidwa imasanduka chida chovulaza galimoto ikadumpha. Pa kaliyala wa padenga pakhale zopepuka zokha. Galimoto yolemera kumwamba imagubuduzika msanga pamsewu wopendekeka, ndipo misewu ya ku Thyolo yopendekeka ndi yambiri. Khasu, lamba ndi matabwa zikhale pamwamba pa katundu yense, pamene mungazitenge ngakhale chitseko chakumbuyo chitakana kutseguka.

Tsiku la ulendo

Nyamukani m'mamawa. M'dzinja mvula yamabingu imakonda kugwa masana, ndipo m'miyezi yozizira dzuwa limakhala litalowa isanakwane 6 koloko, choncho mbali yovuta ya njira muidutse kusanatenthe. Lowetsani 4H mukangosiya tala, musadikire kuti muyambe mwaterera. Aliyense amange lamba wa pampando. Gwirani chiwongolero zala zazikulu zili kunja, chifukwa tayala likagunda mwala chiwongolero chimatembenuka mwamphamvu moti chikhoza kukuthyolani chala.

Pa katondo wonyowa chilichonse chichitike mofatsa, kuponda moto, kuponda buleki ndi kukhota komwe. Misewu yambiri ya m'maesiteti ndi yokwera pakati, yokhala ndi ngalande mbali zonse, ndipo galimoto ikayamba kutsetserekera m'mbali imakathera m'ngalandemo. Khalani pakati ngati kutsogolo kukuoneka, ndipo pamene pali mikwasa ya galimoto zina yosazama kwambiri, itsateni, chifukwa imagwira matayala anu kuti asapatuke. Ikakhala yakuya moti difu ikhudza pansi, ikani matayala pamwamba pa mizere yake. M'madambo a dothi lakuda la makande, monga a kuchigwa cha Phalombe, vuto si kuterera kokha koma kumira, ndipo pamenepo pamafunika giya yachiwiri ya 4L ndi liwiro losasintha kuyambira polowa mpaka potuluka.

Chitunda chachitali chiyang'aneni kaye muli pansi, ngakhale kuchikwera wapansi ngati pamwamba pake sipakuoneka. Sankhani giya musanayambe, kawirikawiri yachiwiri ya 4L, ndipo musasinthe muli pakati. Galimoto ikalephera, pondani buleki, lowetsani rivesi, ndipo mutsike chambuyo molunjika injini ikugwira galimoto. Musayese kutembenuka pachitunda, poti galimoto ikaima chopingasa pamalo otsetsereka ndi pamene imagubuduzika. Pa mtsetse lowetsani giya yoyamba ya 4L, chotsani phazi pa kilatchi, ndipo injini itsitse galimoto yokha. Mitsetse ya ku Thekerani yolowera kuchigwa cha Shire ndi yaitali, ndipo woyenda akuponda buleki njira yonse amafika pakati mabuleki atatentha n'kusiya kugwira.

Misewu imeneyi ndi ya anthu. Mudzakumana ndi othyola tiyi, ana asukulu, njinga zonyamula zinanazi kapena nthochi, mbuzi, ndi mathirakitala otulukira pakona mosayembekezeka. Lizani hutala pamakona obisika, yatsani magetsi mu nkhungu, ndipo podutsa m'mudzi chepetsani liwiro kuti fumbi lisagwere pa ufa, makaka kapena nandolo zimene anthu ayanika. Pothawa matope musalowetse galimoto m'munda wa munthu. Mizere iwiri ya chimanga imene mwaponda ndi chakudya cha banja, ndipo mlandu wake ukafika kwa amfumu mudzachedwa kuposa mmene matopewo akanakuchedwetserani.

Pamtsinje

Mitsinje yochokera m'phiri la Mulanje, monga Ruo, Lichenya, Likhubula, Thuchila ndi Muloza, pamodzi ndi timitsinje tambirimbiri tothira m'menemo, ili ndi khalidwe limene mlendo ayenera kulidziwa. Mvula ikhoza kugwa pamwamba pa phiri inu muli padzuwa, ndipo madzi ake amatsika mwaliwiro, atanyamula miyala ndi zitsa. Mukaona mitambo yakuda itakuta phiri, madzi akusanduka ofiira, zinyalala zikuyandama, kapena mukamva mkokomo kumtunda, musalowe. Ubwino wake ndi wakuti mitsinje yotere imaphweranso msanga. Zikani kamtengo m'mphepete mwa madzi, dikirani theka la ola, ndipo kadzakuuzani ngati madzi akukwera kapena akutsika. Ndinaonapo dalaivala wina kum'mawa kwa phiri atakana kudikira, ngakhale amayi amene ankachapa pamenepo anamuchenjeza, ndipo galimoto yake inazima pakati pa madzi. Ife amene tinadikira tinawoloka patapita maola awiri madzi ali m'akakolo, iye akuyembekezabe thirakitala.

Madzi akakhala odekha, tsikani muwoloke wapansi ndi ndodo, mukupita motsata pamene padutse matayala a mbali imodzi, pobwera motsata mbali inayo, kuti mupeze maenje, miyala ikuluikulu ndi mchenga wofewa. Ngati madzi akukukankhani moti simungaime bwino, galimoto nayo isalowe. Madzi othamanga ofika masentimita 30 amatha kusuntha galimoto yaing'ono, ndipo ofika masentimita 60 amakokolola ngakhale pikiapu. Opanga Hilux yamakono amaika malire a masentimita 70, koma muyeso umenewo ndi wa madzi odekha ndi pansi polimba, ndipo ngakhale galimoto ya snorkel, paipi yokokera mpweya wa injini kumwamba, imayandama chimodzimodzi. Kumbali ya Shire ndi kumunsi kwa Ruo kuli ng'ona, choncho kumeneko funsani eni dera musanaviike phazi.

Mukatsimikiza, dikirani kuti injini izizireko pang'ono, kolekeranitu lamba wokokera n'kumukulunga pamalo ofikirika, tsitsani magalasi, lowetsani giya yachiwiri ya 4L, ndipo lowani mofatsa n'kuyenda liwiro limodzi ngati la munthu woyenda ndawala, osasintha giya, osaima. Injini ikazima muli m'madzi, musayese kuilizanso. Madzi akalowa m'masilinda sapanikizika ngati mpweya, ndipo kuliza kamodzi kokha kumapinda zitsulo za m'kati n'kupha injini yonse. Ikokedwe kaye, makaniko achotse madziwo. Mukatuluka bwinobwino, yendani pang'ono mukuponda buleki mopepuka kuti mabuleki aume. Milatho yamatabwa nayo imafuna kutsika. Yang'anani mitanda ya kunsi, osati matabwa a pamwamba okha, tsitsani anthu awoloke wapansi, ndipo mmodzi aime kutsidya akulozereni kuti matayala ayende pamwamba pa mitandayo.

Mukatitimira

Mukangomva kuti matayala akuzungulira galimoto osasuntha, chotsani phazi pamoto nthawi yomweyo, chifukwa kulimbikira kumangokumba dzenje mpaka galimoto itakhala pamimba. Yesani kubwerera chambuyo m'mikwasa yanu yomwe. Zikakanika, tsikani muone chimene chagwira. Onetsetsani kuti mahabu ali pa Lock, lowetsani loko ya difu, yochititsa matayala a mbali zonse kuzungulira limodzi, ngati ilipo, chepetsaninso mpweya, tsitsani anthu ndi katundu wolemera. Kenako kumbani kutsogolo kwa tayala lililonse mopanga kanjira kotsetsereka, ndi kuchotsa dothi lonse limene lakhudza difu ndi chesisi. Ngati tayala lamira kwambiri, likwezeni ndi jeke itakhala pathabwa lija, ikani miyala, nthambi kapena matabwa kunsi kwake, ndipo wina asalowetse mutu kapena mkono kunsi kwa galimoto imene yaima pa jeke. Mukatero nyamukani mofatsa, matayala atawongoka.

Pamene galimoto ina ikukukokani, anthu onse, makamaka ana amene amathamangira kudzaonerera, aime patali kuposa kutalika kwa lambayo, ndipo chapambali. Yalani bulangeti kapena thumba lonyowa pakati pa lamba kuti akaduka agwere pansi. Munthu mmodzi yekha ndiye azipereka zizindikiro kwa madalaivala onse awiri.

Nthawi zambiri amene adzakutulutseni ndi anthu a m'mudzi wapafupi, ndipo iwo amadziwa pamene pali miyala, amene ali ndi ng'ombe kapena thirakitala, ndi njira ina yolambalala. Apatseni moni mwaulemu, ndipo ngati pali wamkulu yambani ndi iyeyo: “Bambo, tapeza vuto pano, tikupempha thandizo.” Gwirizanani za ndalama ntchito isanayambe, pamaso pa onse, ndipo mudziwe amene alandire m'malo mwa anzake, kuti pasakhale mkangano galimoto itatuluka. Kukada musanatuluke, dziwitsani amfumu kapena a nyakwawa kuti muli m'dera lawo, ikani matrayango, ndipo mugone pafupi ndi galimotoyo, kupatula ngati ili m'khwawa kapena m'mphepete mwa mtsinje, pamene muyenera kusamukira kumtunda. Musanachoke, kwirirani maenje amene mwakumba ndi kuchotsa miyala mumsewu, chifukwa wa njinga yamoto wodutsa usiku sadzaiona.

Mukabwerako

Pa tala poyamba, popani matayala, bwezerani 2H ndi kumasula mahabu, ndipo zungulirani galimoto kuona ngati pali chikudontha kapena cholendewera. Chiwongolero chikamanjenjemera mukathamanga, kawirikawiri ndi matope amene aumira m'kati mwa malimu. Tsiku lomwelo kapena lotsatira tsukitsani kunsi konse, chifukwa katondo akauma amasunga chinyezi n'kudyetsa chesisi dzimbiri, ndiponso amatseka timipata ta radiyeta. Gugudani kapena sinthani sefa ya mpweya ngati munayenda m'fumbi. Ngati munawoloka madzi ofika pa difu, makaniko atsegule aone oyilo wa m'madifu ndi wa m'giyabokosi, ndipo akapezeka wotuwa ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti mwalowa madzi ndipo asinthidwe galimoto isanayendenso ulendo wina. Lamba wokokera mutsukeni ndi madzi okha, aume pamthunzi, ndipo mumuyang'ane ulusi wake musanamubwezere m'bokosi.